Maliro a Mitengo ya Gitala

Pulani yonse inabadwira ku bhawa, komwe tinkamwera mowa m'dera lathu la Sakubva mu Mutare, pa tebulo la pakona lomwe mwendo wake umodzi unali njerwa zosanjikiza. Masiku amenewo ufulu unali udakali watsopano, ndipo dzina la Mutare tinali tisanalizolowere. Madala ankaterereka lilime n'kunena kuti Umtali, kenako n'kucheuka kuona ngati wina wamva.

Pa tebulopo panali amuna atatu ndi chigubu chimodzi cha masese. Mkulu wa gululo anali Obed, amene tonse tinkamutcha Pulani, chifukwa chibadwire sanamvekepo akunena kuti "ndili ndi ntchito", koma "ndili ndi pulani" basi. Wachiwiri anali Aleck, wodziwika kuti Dizilo, chimunthu chogubuduza migolo ya mafuta ku Feruka. Mutu wake unali wosenzera katundu, zoganiza ankasiyira ena. Wachitatu anali Norman Wayilesi, munthu amene Mulungu anaiwala kumuikira kabatani kozimitsira.

"Mashamwari," anatero Pulani akupukuta thovu kukamwa, "Lamulungu likubwerali ndikukwatira."

"Makorokoto!" anakuwa Wayilesi pomufunira mafuno abwino. "Ukukwatira ndani?"

"Jesca, ndiye ndaninso? Kungoti Lamulungu ndi lokatenga mitengo. Ukwatiwo uzibwera pambuyo."

Apa ndikuuzeni kaye za mitengoyo. Jesca anali mwana wa mdala Abisai Nkhoma, kalipentala wopuma wa ku njanji, amene ankapala magitala kuseri kwa nyumba yake. Nthawi imeneyo mnyamata aliyense ankafuna bandi, koma magitala a m'sitolo anali atasowa, matabwa ochokera kunja nawonso zii. Mdala sankadandaula. Iye ankadula timitengo ta mlombwa tokula ngati ntchafu ya munthu, ndipo ankadula mu Ogasiti mokha, masamba atayoyoka. Ankamata phula mbali zonse ziwiri kuti mtengo usang'aluke, n'kuupachika kudenga mpaka dzinja lidutse. Ukauma ankaucheka timatabwa topyapyala n'kutilumikiza ndi ulimbo wa zikopa, mtima wa mtengowo n'kukhala khosi la gitala. Gitala ya mdala ikalira, ngakhale agalu ankasiya kuuwa.

Pulani anaphunzirako ntchitoyo miyezi ingapo, kwenikweni pofuna kumaona Jesca akupita ku mpopi. Anamuchotsa tsiku lomwe anaika thabwa laliwisi pa mbaula kuti liume msanga, nyumba n'kutsala pang'ono kupita nalo. Atalimba mtima n'kutchula za Jesca, mdala anangoti, "Udzabwere ndi gitala yopala wekha, yolira. Ukatero utumize ankhoswe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Koma kudekha kunali kovuta, poti kunali Edmund, gadi wa sitima, wa yunifolomu yosita bwino ndi njinga ya belu. Mkuluyo anayamba kudutsa pakhomo pa a Nkhoma pafupipafupi ngati njanji inasamukira kumeneko. Pulani ankamukonda Jesca zenizeni, apa ndisamunamizire. Akamva belu lija mtima unkamuwawa, mpaka nthawi zina masese ankamukanika, zomwe kwa Pulani zinali matenda aakulu.

Vuto linali kopeza mlombwa. Wa m'mapiri oyandikira unali utathera ku nkhuni, ndipo chakumalire kunali mabomba okwirira otsala pankhondo. Wopita kumeneko ndi nkhwangwa ankabwerako ndi ndodo, akabwerako n'komwe. Wotsala unali ku Yeovil, kuseri kwa nyumba ya mayi Ruby, mwini mabasi, amene anagula nyumbayo kwa mzungu wothawira ku Joni. Timitengoto anadzala ndi mdala Abisai yemweyo, kale pamene ankasamalira maluwa kwa mzunguyo Loweruka, ndipo mayi Ruby ankamulola kudulapo kamtengo kamodzi pachaka.

"Dikira kaye," anatero Dizilo, nkhope itakwinyika ndi ntchito yoganiza. "Tikabe mitengo ya mdala, iwe upale gitala, ukaonetse mdala yemweyo?"

"Mtengo uli ndi nkhope? Ndikaupala adzauzindikira bwanji?"

"Nanga masoja?" anafunsa Wayilesi. "Chiyambire kulondera mafuta a ku Feruka, atseka msewu ndi migolo. Akaona zinthu zazitali zofundika bulangete pa ngolo ya sikanya, adzati ndi mabazuka. Ine kufa sindinakonzeke, suti yanga ili kwa telala."

Pulani anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene wakhala akudikira funso lomwelo. Anaweramira patsogolo n'kutsitsa mawu.

"Ndi chinthu chanji chachitali chimene msoja sangatsegule, wapolisi amachivulira chipewa, mabasi n'kuchipatukira?"

Anzake anayang'anana.

"Bokosi la maliro," anatero Pulani.

Dizilo anachita chizindikiro cha mtanda ndi dzanja lomwe linagwira chigubu, masese n'kumukhuthukira pachifuwa.

"Inu awiri mukankha sikanya. Ine ndivala zachizimayi, ndikhala namfedwa. Maliro amatsimikizika ndi kulira, ndipo kulirako ndisiyireni. Tikadutsa masoja tikhotera kumtsinje, titsitse katundu, basi. Pofika chikondwerero cha ufulu mu Epulo, gitala ikulira, Edmund akulira."

"Mdala amati Ogasiti," anatero Dizilo.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, shamwari. Imwa."

Anamwa, anagundanitsa manja, Wayilesi mpaka anavina pang'ono. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Bokosilo Pulani analikhoma yekha ndi matabwa a makireti omwe Dizilo anazembetsa kuntchito. Mbali imodzi inali yaitali kuposa inzake, chivindikiro chinali chopendekera, ndipo misomali yambiri inalowa theka n'kugona chammbali. Analipaka polishi wa nsapato, n'kubwerera m'mbuyo kulisirira.

"Taonani luso," anatero. "Ndiye mdala azindiuza kuti sindinaphunzire?"

Lamulungu m'mawa, mayi Ruby atapita kutchalitchi, sikanya inaima kuseri kwa mpanda. Sikanya ndi ngolo yokankha ija ya mateyala a galimoto imene timanyamulira makala ndi masofa. Pakhomopo panali chigalu chachikulu chosiyidwa ndi mzungu uja. Wayilesi anachiyandikira n'kuyamba kuchifotokozera mmene agogo ake anayendera pansi kuchokera kumudzi mpaka ku Penhalonga. Asanawoloke Zambezi, galu anayasamula n'kupita kukagona.

Milombwa ija inaima pamzere, yobiriwira, yokhuta mvula ya mu Febuluwale. Dizilo anatula nkhwangwa kamodzi, phaa! Kenako anaitaya n'kudumpha.

"Mayo ine! Ndapha munthu!"

Pabala la mtengo panali kutuluka zofiira, zolemera, kutsikira pansi ngati mbuzi yodulidwa khosi.

"Ndi utomoni, chitsiru iwe," anatero Pulani. "Anzathu kuno sautcha mubvamaropa, mtengo wotuluka magazi, pachabe. Dula."

Ankayankhula molimba, koma naye anali atadabwa. Iye ankaudziwa mlombwa wa mu Ogasiti, umene umangodontha pang'ono. Uwu unali kulira ndithu. Posakhalitsa manja awo, malaya ndi nsapato zinali psuu.

"Umodzi wakwana," anatero Wayilesi.

"Munthu wa pulani amakhala ndi sipeya. Yonse!"

Anadula yonse, osasiya ndi umodzi womwe. Pakati pake panali wina wowongoka kuposa inzake, wopanda mfundo, womangidwa kansalu kachikasu. Pulani anamasula kansaluko, ndipo poti chitenje chomwe anaba kwa azakhali ake chinkangotsetsereka, anamangira m'chiuno. Anasadza nthambi, n'kulonga mitengo m'bokosi, n'kukhomera. Pulani anavala duku, n'kufunda bulangete mpaka kumphuno kubisa ndevu za pamlomo, ulendo n'kuyamba.

Ndinene chilungamo: gawo loyamba la pulani linayenda. Pa migolo paja msoja wamfuti anaona bokosi, anaona mayi wosweka mtima akudzikoka pambuyo, ndipo anavula chipewa.

"Nematambudziko, amai," anapepesa maliro mwaulemu, n'kukankha yekha mgolo kuti adutse.

Apa m'pamene Pulani analedzera ndi luso lake. Munthu amene moyo wake wonse sanachitepo chinthu n'kutheka, lero msoja wamuvulira chipewa. Anakweza mawu.

"Zakwana, achimwene," ananong'ona Wayilesi. "Tadutsa."

Koma Pulani anali atalowa mu mzimu. Ndipo chifukwa munthu salira m'chilankhulo chobwereka, zomwe zinatuluka zinali zomwe anamva kwa amayi ake ali mwana.

"Mwamuna wanga ine! Mwandisiya ndi yani ine! Kuchilendo kuno ine, mayo!"

Analira choncho akudutsa pakhomo pa tchalitchi chathu, nthawi yomwe chitseko chinkatseguka.

Akanalira m'Chishona, tikanangovula zipewa n'kupita kukadya. Koma ife amene makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya kanselo tili ndi mantha amodzi aakulu: kufera kuchilendo n'kukwiriridwa ndi akaidi, popanda woimba nyimbo. N'chifukwa chake tinapanga sosaite ya maliro, ndipo lamulo lake ndi limodzi. Ukamva munthu akulira m'Chinyanja, sufunsa ngati ukumudziwa. Umasiya zonse n'kutsatira.

Mayi Tecla, mkazi wa mdala Abisai komanso mkulu wa amayi a sosaite, anaimitsa sikanya ndi dzanja limodzi.

"Norman! Aleck! Munthu wa kwathu mukumukankha pa sikanya ngati makala? Wamwalira ndani?"

Dizilo anayang'ana kumwamba. Wayilesi anatseguka yekha.

"A Phiri, mayi."

"A Phiri ake ati?"

"Obwera kumene. Amagwira ndi Dizilo ku Feruka. Kwawo ndi ku Dedza."

Pa maboma onse a kumudzi, kamwa lake linasankha Dedza. Mayi Tecla anagwetsa buku la nyimbo.

"Dedza? Ine ndine NaPhiri wa ku Dedza! Mlongo wanga ameneyu! Kubwera kuno osandifunafuna, mlongo wanga ine!"

Anagwera pa bokosi, amayi ena onse n'kuyamba nawo. Atadzuka, bulauzi yawo yoyera inali ndi banga lofiira, ndipo m'pamene tonse tinaona kuti pansi pa sikanya panali kudontha.

"Maiwe! Magazi awa?"

"Sitima, mayi," anatero Wayilesi. "Sitima ya katundu."

"Sitima iti?" anafunsa Edmund, amene anali pomwepo ndi njinga yake. "Ine ndinali kuntchito dzulo, sindinamve za ngozi."

"Inali ikuyenda chobwerera m'mbuyo," anatero Wayilesi.

Edmund anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu mwachisoni. Anapereka njinga kwa mnzake n'kunena kuti m'malo mwa anthu onse a njanji, iye anyamula nawo bokosilo paphewa. Choncho katundu wakuba anatsika pa sikanya n'kukwera pamapewa a anthu olemekezeka, ndipo ndi nyimbo yachisoni tinamutengera komwe mayi Tecla analamula, kunyumba kwa mdala Abisai, mwini mitengo.

Pasanapite nthawi msewu unali utaikidwa masamba mbali zonse, okwera njinga akutsika, miphika ikuluikulu ya sosaite ili pamoto. Mdala Abisai anaima pafupi ndi bokosi nthawi yaitali, akuliyang'ana ndi diso limodzi.

"Bokosi ili wakhoma ndani?"

"Tachita kugula, madala," anatero Wayilesi.

"Amene wakugulitsani akayankha kwa Mulungu."

Akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti ndi kutentha kumeneko komanso kudontha kumeneko, malemu sangagone. Aikidwe tsiku lomwelo. Anatumiza adzukulu kumanda, ndipo poona mapewa a Dizilo anamupatsa khasu lalikulu. Dizilo anakumba kuposa onse. Dzenje litafika m'chiuno, nyimbo zija zinamulowa, anaiwala kuti anadula malemu ndi manja ake, n'kuyamba kusisima.

"Anali munthu wabwino," ankauza adzukulu anzake. "Sanayambanepo ndi munthu."

Wayilesi ndiye anapeza mpata wothawa. Anali atafika kale pa mpanda, mwendo umodzi uli kunja, pamene wina anaitana kuti amene ankawadziwa malemu abwere afotokoze mbiri yawo. Anayang'ana msewu wopanda munthu. Anayang'ana khamu la anthu okhala chete, makutu ali tcheru. Anabweza mwendo uja.

A Phiri amene tinawamva tsiku limenelo sindikhulupirira kuti adzabadwanso. Anali goloboyi wosagoletsetsa, anapulumutsa mwana kukamwa kwa ng'ona, anasiya ana amapasa ku Dedza ndi ng'ombe yodziwa kubwerera yokha kumunda. Mayi Tecla ankavomereza chilichonse. "Ndi choncho, mtundu wathu ndi wotero."

Koma amene anaona zakuda anali namfedwa. Mwambo wathu sulola mkazi woferedwa kukhala yekha. Anamulowetsa kuchipinda, n'kumukhazika pamphasa pakona, amayi atamuzinga ngati mpanda. Atanong'ona ndi kamawu kopyapyala kuti akufuna kupita kuseri, amayi awiri anamugwira mikono, n'kumuperekeza, n'kudikira pakhomo akuimba. Atamupatsa phala anakana, poti phala limafuna kutsitsa bulangete.

"Musiyeni, ndi chisoni," anatero mayi Tecla. "Jesca, khala ndi azakhali akowa, uziwagwira dzanja."

Jesca anakhala pamphasa n'kutenga dzanja la namfedwa. Linali lalikulu, lokhakhala, lomata zofiira. Iye anaganiza kuti mayiyo anadzitolera yekha mwamuna wake panjanji, ndipo misozi inamulengeza. Pofuna kumutonthoza anayamba kumuyankhula chapansipansi, monga amachitira akazi akakhala awiri.

"Pepani, azakhali. Inu bola munakhala naye wanu. Wanga ine ndi chitsiru, koma ndimamukonda. Dzina lake ndi Obed."

Bulangete linagwedezeka.

"Anthu amamuseka, amati Pulani. Edmund watumiza ankhoswe, ine ndakana, amayi mpaka anandinyanyalira. Bambo amaoneka ouma, koma anandiuza chinsinsi. Ku Yeovil kuli mlombwa wina wowongoka, wabwino kuposa yonse imene anadzala. Akuusungira iyeyo. Akuti mu Ogasiti adzapita naye akadule limodzi, adzamuphunzitsenso kuyambira pachiyambi, bola angoonetsa kuti atha kudikira. Ndinang'amba duku langa lachikasu, tinakamangapo kuti asaudule wina."

Kulira kumene kunatuluka m'bulangetemo kunali kwina. Kamawu kopyapyala kaja kanatha, kunatuluka kubuula kochokera pansi pa mimba, ngati ng'ombe yolandidwa mwana. Tsiku lonse Pulani ankalira zabodza, koma apa analira zenizeni, ndipo ine amene ndakhala ndikumuseka m'nkhani yonseyi ndikuvomera kuti ndikakumbukira pamenepa chisoni chimandigwira.

"Ameneyu ankamukonda mwamuna wake," amayi anauzana.

Pogwedezeka ndi kulirako, bulangete linatseguka m'chiuno. Jesca anaona kansalu kachikasu. Anakayang'ana, n'kuyang'ana dzanja lomwe anagwira, n'kuyang'ana mapazi aakulu otuluka kunsi kwa chitenje. Sanakuwe. Anangolisiya dzanjalo pang'onopang'ono, n'kupukuta lake pamphasa.

Nthawi yomweyo mayi Ruby anali atabwerera kunyumba n'kupeza zitsa zokhazokha. Anakatenga wapolisi, ndipo wapolisiyo sanavutike ndi ufufuzi. Madontho ofiira anayambira pa mpanda, n'kudutsa pa migolo ya masoja, pa tchalitchi, pakhomo pa a Nkhoma, mpaka kumanda. Atafika n'kupeza anthu akuimba, wapolisi anavula chipewa, n'kuima kumbuyo, n'kuyamba kuthandiza besi.

Bokosi linali pambali pa dzenje, zingwe zili zokonzeka. Wayilesi anali akutsiriza gawo lachiwiri la mbiri ya malemu. Pulani, atagwiridwa ndi amayi mbali zonse, anali atayamba kuona kuwala: akakwirira, umboni wapita. Mitengo yatayika, koma khosi lapulumuka.

Ndiye Jesca anayankhula, mawu ake ali phee.

"Bambo, amayi sanaone nkhope ya mlongo wawo."

"Ayi, ayi, ayi!" analumpha Wayilesi. "Sitima ija, anthuni! Palibe nkhope yoti muone!"

"Ngakhale khutu lokha," anatero mayi Tecla. "Ndidzawauza chiyani a ku Dedza? Tsegulani."

Mdala Abisai anatenga hamala n'kuyandikira. Sanaigwiritse ntchito n'komwe. Anangotsamira chivindikiro ndi dzanja, ndipo luso la Pulani linadzionetsa. Mbali yaitali inagwa kumanja, yaifupi kumanzere, ndipo milombwa inagubuduka, gubudu gubudu, mpaka pamapazi a abusa.

Kenako nkhalamba ina yosaona bwino inawerama, n'kupapasa khungwa, n'kupukusa mutu.

"Sitima yamuwononga zedi," inatero.

Namfedwa anadzipulumutsa m'manja mwa amayi n'kuliyatsa liwiro. Koma kuthamanga mu chitenje n'kophunzira, ndipo Pulani sanaphunzirepo kanthu mpaka kumapeto. Phazi linakodwa, bulangete linauluka, duku linatsala m'manja mwa mayi Tecla, munthu n'kugwera m'dzenje, khuu! Tonse tinasuzumira. Pansipo panali ndevu za pamlomo zodziwika mu Sakubva monse.

"Obed!" anakuwa mayi Tecla. "Ndakuperekeza kuchimbudzi ndi manja angawa!"

Ena anayamba kuseka mpaka kukhala pansi, ena kufunafuna miyala. Dizilo anafunsa ngati ndiye kuti a Phiri ali moyo. Mdala Abisai yekha sanaseke, sanakalipe. Anagwada n'kutenga mtengo wowongoka uja, n'kuusisita. Unali utayamba kale kung'aluka kumapeto chifukwa cha dzuwa.

"Ndinaudzala Jesca akukwawa," anatero. "Unali wako, mwana iwe. Wodulidwa m'dzinja sulira, umangong'aluka. Ukanangodikira Ogasiti."

Misozi inatsika pamasaya a mdala, ndipo amene ankaseka anasiya. Pamaliro onse aja, apa m'pamene panapezeka woferedwa weniweni.

Jesca anaima m'mphepete mwa dzenje n'kutambasula dzanja. Pulani anaganiza kuti akufuna kumutulutsa, ndipo anakweza lake.

"Kansalu kanga," anatero Jesca.

Anamasula n'kupereka, dzanja lina litagwira chitenje kuti chisagwe. Jesca anakapinda bwinobwino n'kuchoka osacheuka.

Panatsala nkhani ya dzenje. Mwambo wathu umati manda okumbidwa sasiyidwa kukamwa, angaitane munthu. Zikatere timakwiriramo thunthu la nthochi. Ena anati palibe chifukwa chofunira nthochi, m'dzenjemo muli kale munthu woyenera, koma abusa anakana. Tinamutulutsa Pulani, n'kuponyamo milombwa, n'kukwirira. Wowongoka uja mdala anakana kuti ugone pansi. Anauzika choimirira kumutu kwa manda kuti ukhale chizindikiro. Nyimbo tinaimba mpaka ndime yomaliza, chifukwa nyimbo ya maliro siisiyidwa panjira, ndipo chakudya tinadya chifukwa chinali chitapsa. Wapolisi anadya nafe, n'kusamba m'manja, n'kupepesa kwa mayi Tecla, kenako n'kutulutsa unyolo. Poti unali umodzi, anamanga Pulani ndi Wayilesi pamodzi, zomwe ambiri anati chinali chilango chokwanira. Dizilo anangowatsatira yekha, akukankha sikanya.

Pulani anatuluka kundende Ogasiti atadutsa. Anapeza Jesca atakwatiwa ndi Edmund, ndipo anthu sanachedwe kumuuza kuti paukwatipo mdala Abisai anaimba yekha gitala, agalu onse a mu Sakubva ali chete.

Mvula itagwa kunachitika chinthu chimene odziwa mlombwa sanadabwe nacho. Mtengo umenewu ukazika chipika chake chachiwisi umaphuka. Chizindikiro chija chinatulutsa masamba, n'kuzika mizu, ndipo lero ndi mlombwa wokongola kuposa yonse m'dera lathu, wowongoka, wopanda mfundo. Aliyense wodziwa magitala akaudutsa amameza mate. Koma mtengo wa kumanda sadula, ngakhale wamisala amadziwa zimenezo. Mayi Tecla ankapitako kukasesa, ndipo ankati mlongo wawo wakula bwino.

Tsiku lina mu Ogasiti ndinamupeza Pulani ataima kunja kwa mpanda wa manda, masamba a mtengowo akuyoyoka. Ankauyeza ndi maso, kuchokera pansi mpaka pomwe khosi la gitala likanathera. Ndinafuna kumufunsa ngati ali ndi pulani, koma kumbuyo kwathu kunalira belu la njinga. Edmund ankapalasa, Jesca ali pakaliyala ndi mwana kumbuyo, kumutu kwa mwanayo kuli kansalu kachikasu kotchinga dzuwa. Pulani sanatembenuke. Anangovula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, monga timachitira tonse maliro akamadutsa.